Chithunzi cha Azakhali Anga

Ife ophunzira a m'sukulu za ukachenjede timadziwa kutchinjiriza zithunzi zathu. Pa Facebook timasankha kuti azione ndi anzathu okha, ndipo pa WhatsApp timatha kutumiza chithunzi choti munthu achione kamodzi kenaka chizimirire. Komatu njira zonsezi zimathandiza yekhayo amene foni ili m'manja mwake. Kwathu kuchigwa cha Shire anthu ambiri sajambula, amajambulidwa.

Mu Januwale 2015 mitsinje ya Shire ndi Ruo itasefukira, azakhali anga adasamutsidwa ku Makhanga kupita kumsasa wa ku Bangula m'boma la Nsanje. Adapulumuka ndi chitenje chimodzi komanso mwana kumbuyo. Tsiku lina ali pamzere wolandirira ufa, mlendo wina adawajambula. Sadapereke moni, sadafunsenso dzina. Bulauzi idali itang'ambika paphewa, ndipo mayi amene savula duku pagulu ngakhale kutenthe bwanji (ku Nsanje kumatenthatu!) adali opanda kanthu kumutu.

Chithunzicho sichidafe. Ndidachiona mu 2019 nthawi ya namondwe wa Idai, mu 2022 nthawi ya Ana, ndiponso mu Malichi 2023 pamene Freddy adasakaza chigawo chakummwera. Ulendo uliwonse chimabwera ndi mawu atsopano pansi pake. Pena akuti ndi mayi wa ku Chikwawa, pena wa ku Mozambique, ndipo kamodzi padalembedwa nambala yotumizirako thandizo imene banja lathu siliidziwa. Mwana adali kumbuyo uja tsopano ali kupulayimale, ndipo anzake amamuseka kuti ndi "wa pa Facebook".

Ena amati popanda zithunzi zoterezi thandizo silingabwere. Ndikuvomereza, pakuti anthu akutali amakhudzika ndi zimene aona. Koma kodi kupempha chilolezo kumadya nthawi yochuluka bwanji? Mawu awiri okha m'Chisena kapena m'Chimang'anja akadakwana. Azakhali akuti sakadakana ayi; akadangopempha kuti mlendoyo adikire pang'ono, iwo abwereke duku kwa mnzawo.

Malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu wa chinsinsi kwa munthu aliyense, ndipo mu 2024 lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu lidayamba kugwira ntchito, bungwe la MACRA n'kupatsidwa udindo woliyang'anira. Nditawafotokozera zimenezi patchuthi, azakhali adamvetsera mwachidwi, kenaka adafunsa: "Nanga mwanangu, amene adachisunga kale m'mafoni mwawo, lamulolo liwauza kuti afufute?"

Ndidawauza zoona. Tikadandaula, Facebook ingathe kuchotsa chithunzi patsamba limodzi, koma chimene chidalowa kale m'magulu a WhatsApp chili m'mafoni a anthu amene sitiwadziwa. Ndadandaulapo masamba anayi, awiri adachichotsa, ndipo mvula ya chaka chino yayandikira.