Pa Phalula mpira umayamba dzuwa likapendeka

Kusanache bwinobwino, msewu wa M1 pa Phalula umakhala utadzuka kale. Malole ochokera ku Blantyre, amene awoloka Shire pa Zalewa, amadutsa akubangula kulowera ku Balaka ndi ku Lilongwe. M'mphepete mwake abambo akukankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala, thukuta lili kamukamu ngakhale dzuwa lisanatuluke. Kumjigo nako mzere wa zigubu ndi ndowa watalika. Ambiri opopa ndi atsikana, ena aang'ono zedi moti amachita kudumpha ndi chogwirira chomwe kuti madzi atuluke. Akatula ndowa yachiwiri pakhomo, amasamba mwachangu, kuvala yunifolomu, n'kuuyamba ulendo wa kusukulu.

Mlendo wamumzinda ataona zimenezi anganene kuti ana a kuno safunika wowakumbutsa zolimbitsa thupi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu kwa mphindi 60 tsiku lililonse, ndipo mu 2019 linalengeza kuti achinyamata 81 mwa 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 padziko lapansi safika pamenepo. Mtsikana wa kumjigo uja ola lakelo amalikwanitsa belu loyamba lisanalire. Komatu kusenza si kusewera. Ndowa ya malita 20 imapanikiza khosi ndi msana wa mwana, siimuphunzitsa kuzinda mnzake, kugonja osalira, kapena kuseka mpaka kugwa pansi. Ndiponso si mwana aliyense pa Phalula amene amasenza ndowa. Ana a eni magolosale ndi a anthu apantchito ena amapita kusukulu atakhala pakabaza.

Cha m'ma 8 koloko mabasi ndi maminibasi amayamba kuima, ndipo ogulitsa malonda amathamangira m'mawindo, mabeseni ali m'mwamba: malambe, mazira owiritsa, nzimbe zodula, madzi ozizira a m'mapepala. Anyamata akabaza amalimbirana aliyense wotsika. Pakati pawo sipalephera kupezeka mwana amene anayenera kukhala m'kalasi.

Za masana palibe zambiri zonena. Boma la Balaka, limene linadulidwa ku Machinga mu 1998, limadziwika ndi thonje, milambe ndi kutentha, ndipo mwezi wa Okutobala dzuwa la kuno silichita masewera. Mbuzi zimabisala pansi pa mabenchi amumsika, wowotcha kanyenya amakupiza ntchentche ali chogona, ndipo aliyense amene ali ndi khonde amalisunga.

Moyo umabwerera cha m'ma 2 koloko, ana akaweruka. Chapafupi pomwepa, ku Phombeya, kuli siteshoni yaikulu ya magetsi imene inamalizidwa mu 2018 ndi thandizo la dziko la America kudzera ku Millennium Challenge Corporation, ndipo nthambo zake za 400kV zimayenda makilomita 173 mpaka ku Nkhoma. Magetsi ndi dalitso ndithu; funsani wowotcherera zitsulo, wachigayo kapena wogulitsa mafirizesi. Koma abweranso ndi mabenchi. Kuseri kwa magolosale kuli tizipinda tamalata toonetsa makanema, mmene filimu yakarate yomasuliridwa m'Chichewa imamveka mpaka kumsewu. Pambali pake pali tebulo la pulu, malo otchajira mafoni, ndi achinyamata owerama pa foni imodzi akubetcha masewero a ku England. Mwana amene walowa m'kachipinda kotere 2 koloko angathe kutuluka kutada, osaponda pansi kupatula popita kukataya madzi.

Ndi pakhomo pa kachipinda kamodzi kotere pamene mayi wina wogulitsa zitumbuwa anaima, atasiyira mnzake beseni. Anakankha nsalu yotchinga pakhomo, n'kuima kaye kuti maso azolowere mdima.

"Iwe, tuluka! Anzako ali kugiraundi."

"Amayi, filimu yatsala pang'ono kutha."

"Idzatha mawa. Miyendo imeneyo Mulungu anakupatsira benchi?"

Mnyamatayo anatuluka akutsinzina ndi kuwala, milomo ili tolotolo. Mayi wina wa tomato, amene ankaonerera, anaponyapo mawu: "Amake mwana, musiyeni. Bola ali pamthunzi kusiyana n'kumadumpha msewu umenewu." Mawu amenewo si opepuka. Malole a pa M1 sachepetsa liwiro chifukwa cha mwana wothamangira mpira, ndipo kholo lililonse pa Phalula limadziwa zimenezo. Koma mayi wa zitumbuwa anali ndi yankho lake. Mwezi ndi mwezi iyeyo amakakhala pamzere kuchipatala kukatenga mapiritsi a BP, ndipo adokotala anamuuza kuti achepetse mchere, aziyendayenda. Sakufuna kuti mwana wake adzayambe mzere umenewo ali wamng'ono. Mantha akewo ali ndi maziko: kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Mayiyo anamugwira mwana dzanja, kumuwolotsa msewu yekha, n'kumusiya akulowera kubwalo la sukulu.

Kumeneko mpira unali usanayambe, chifukwa unali usanathe kupangidwa. Pansi pa mtengo panali mnyamata wa zaka ngati 12, anzake atamuzungulira, akumanga chikulunga. Ntchito imeneyi ndi luso lenileni ndipo ndiyofunika kuiona modekha. Pakatikati anaikapo mapepala a katoni ofwanyafwanya, olimba bwino. Kenaka majumbo, aja opyapyala amene boma linaletsa mu 2015 koma akadali mbwee mumsika: jumbo imodzi, kupotokola pakamwa pake, kutembenuza, ina pamwamba, kupotokolanso mbali ina kuti mfundo zisaunjikane malo amodzi. Akaika zingapo ankaufinya ndi manja onse awiri, kuuzunguliza, kuuyang'ana ngati wapendekeka. Kunja anavekako thumba la shuga, lokhuthalako, kuti minga isaung'ambe msanga. Ndiye panabwera chingwe, chosomoledwa m'thumba la feteleza. Anachikulunga kamodzi pakati, kuchigwira ndi mano, kudutsitsa china mopingasa, n'kuyamba kuluka timaso ting'onoting'ono ngati ukonde wa asodzi a ku Malombe, mfundo iliyonse yokokedwa mpaka chala kuyera. Wina wamng'ono anayesa kuthandiza, anamubweza: "Ulekeretu, uwononga." Atamaliza anauponya pansi kawiri. Sunadumphe mokwanira. Anamasula mfundo zitatu, kuwonjezera kachidutswa ka mphira ya chubu chanjinga, kumanganso. Ulendo uno unadumpha mpaka m'bondo, ndipo gulu lonse linakuwa. Palibe mphunzitsi amene anamuphunzitsa zimenezi, ndipo palibe mayeso amene adzamufunse.

Zigoli ndi miyala iwiri uku, nkhwaira ziwiri uko. Timu ina yavula malaya. Theka akuti ndi Maule, theka Manoma, ndipo aliyense woponya kutali amadzitcha Gabadinho, pokumbuka chigoli chimene Gabadinho Mhango anagoletsa Morocco mu Januwale 2022 ku Cameroon. Mnyamata wa filimu uja mphindi khumi zoyamba anali wefuwefu, manja m'chiuno. Kenaka anamenya mpira umene unadutsa pakati pa miyendo ya goloboyi, ndipo za filimu anaiwaliratu.

Kumapeto kwa bwalo atsikana ali pa fulaye. Awiri akugendana mpira wansanza, wapakati akuzinda, kugwada, kudumpha, kwinaku akuthira mchenga m'botolo mpira ukapita kutali. Amene sanaseweko fulaye sadziwa mmene imatopetsera. Ena akuponyerana ntchemberembaye pa mlongoti umodzi wokhala ndi mkombero wa waya. Chomvetsa chisoni n'chakuti mbali imeneyi ya bwalo ndi imene imayamba kuphwa. Isanakwane 5 koloko, mayina ayamba kuitanidwa kuchokera m'makomo: wina akasonkhe moto, wina akabereke mwana, wina abwerere kumjigo. Anyamata palibe wowaitana. Kafukufuku wa WHO wa 2019 uja anapezanso kuti atsikana ndiwo amatsalira kwambiri, 85 mwa 100 poyerekeza ndi anyamata 78. Chonsecho ndi atsikana amene akhala akukweza mbendera ya dziko lino. Ma Queens amadziwika kulikonse kumene kumaseweredwa ntchemberembaye, ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo Temwa Chawinga wa ku Rumphi anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Mtsikana amene waitanidwa kukatsuka mapoto fulaye ili pakati sadzadziwa kumene miyendo yake ikanamufikitsa.

Makolo ngati mayi wa zitumbuwa akuchita mbali yawo, koma akuchita okha. M'sukulu zapulayimale masewera anaphatikizidwa m'phunziro la Expressive Arts, pamodzi ndi nyimbo, magule ndi zojambula, ndipo mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi, wopanda mpira ngakhale wenzulo, amangolemba malamulo a masewerawo pabolodi ana n'kukopera. Mpira wachikopa mtengo wake wafika poti kholo logulitsa zitumbuwa silingauganizire. Andale amakumbukira mabwalo amenewa chisankho chikayandikira, amabwera ndi chikho, mayunifolomu ndi zimkuzamawu, ndipo zikhozo zimakhala za akuluakulu. Mwana wa zaka 10 amangoonerera ali kunja kwa chingwe. Mipira iwiri pa sukulu iliyonse, milongoti yachitsulo, ndi malo owolokera msewu olembedwa bwino sizingagwetse bajeti ya khonsolo iliyonse.

Mpira unatha chifukwa cha mdima, komanso mkangano wa chigoli chimene ena ankati chadutsa pamwamba pa nkhwaira. Mumsika nyali za sola zinali zitayaka, mabasi ausiku opita ku Lilongwe ayamba kuima, ndipo wa kanyenya anali atadzuka. Mnyamata uja anafika pabeseni la mayi ake fumbi lili mpaka m'nsidze, chala chachikulu chakuphazi chikutuluka magazi pang'ono. Mayiyo anachiyang'ana, kuchitsuka ndi madzi a m'chigubu, n'kumupatsa zitumbuwa ziwiri zotsala. Kenaka anamuuza kuti mawa ndowa yamadzulo akatunga ndi iyeyo, kuti mlongo wake nayenso akasewere mpaka kumapeto. Mnyamatayo anayamba kudandaula kuti anzake amuseka, ndipo anakangana njira yonse mpaka kunyumba.