Kalipentala wa m'foni ndi amalume a ku Masala

Ku America kunali pulogalamu ya pa TV yotchedwa The Woodwright's Shop. Inayamba mu 1979 ku North Carolina, ndipo kuyambira 1981 inkaonetsedwa m'dziko lonselo pa PBS mpaka 2017. Mwini pulogalamuyo ndi Roy Underhill, bambo wa ndevu zapamlomo amene sachotsa kapusi kumutu. Zaka zonsezo anakhala akupanga mipando, mabokosi ndi zoseweretsa ana pamaso pa kamera, osagwirako makina a magetsi. Zida zake ndi sowo, puleni, nkhwangwa, zosemera ndi mwala wonolera. Chigawo chilichonse ankachijambula ulendo umodzi osadula, moti akadzicheka chala, zimene zinkachitika ndithu, magaziwo ankaoneka pa TV iye n'kumangopitiriza ntchito.

Dzina lake ndinalidziwa mu 2024. Amene munali kuno ku Migodi chaka chimenecho simufuna kukumbutsidwa. Mvula inakana, pa 29 February boma linalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika September makomboni ambiri ankaona malaiti maola ochepa chabe, kawirikawiri pakati pa usiku. Ku wailesi kumene ndimathandizako ku Kitwe tinkakonza pulogalamu ya anthu a malonda ang'onoang'ono, ometa tsitsi, owotcherera zitsulo, ogulitsa nyama ya mufiliji. Ndikufufuza pa intaneti za ukalipentala wopanda magetsi, ndinakumana ndi bamboyu. Pa pulogalamu yathu sanandithandize kanthu, pakuti thabwa simungalionetse pa wailesi. Amene anandibwerera m'mutu ndi amalume.

Amalume anachoka ku Katete ali mnyamata, ndipo shedi yawo ya malata ili ku Masala, ku Ndola. Ntchito anaiphunzira kwa mmisiri wa pamishoni, masiku amene thabwa ankalipala ndi manja kuyambira m'mawa mpaka mapewa kuphwanya. Anyamata atatu amene amagwira nawo ntchito anakulira m'makina. Matabwa amawatengera kwa wamakina kuti awang'ambe ndi kuwapala. Miyendo ya tebulo amakaizungulitsa kwa winanso. Chawo n'kulumikiza, kupaka guluu, kukhoma misomali ndi kupaka vanishi. Malaiti atayamba kusowa, onse a m'dera limenelo ankagona pamzere kwa wamakina kudikira maola awiri kapena atatu a usiku. Mayi wina anali atalipira kale theka la ndalama za tebulo ndi mipando sikisi ya kitchen party ya mwana wake, tsiku likuyandikira, ndipo ndalamayo inali itapita kale kumatabwa. Amalume mapewa anawathera. Atauza anyamatawo kuti atsitse mapuleni pamwamba pa kabati, iwo anangoseka. Zimenezo n'zakale, ba boss.

Ndinaganiza kuti mwina akaona munthu wina akuchita zomwezo pa TV, adzasiya kuseka. Vuto linali kumupeza munthuyo kuti afike ku Masala.

Pa dikoda yathu sindinamupeze, ndipo ngakhale akanakhalapo, TV yomweyo inali gwa, yozima. Pa intaneti ndinaphunzira chinthu chimene sindinkachidziwa bwino, chakuti mapulogalamu a pa TV amagulitsidwa dziko ndi dziko. Webusayiti imaona kumene foni yanu ili, ndipo ikaona Zambia imakuuzani mwaulemu kuti vidiyoyi si ya dera lanu. Si America yokha. Ya ku Britain yokonza zinthu zakale, The Repair Shop, ili pa BBC iPlayer, ndipo iPlayer ndi ya okhala ku Britain basi. Mnzanga wina ku wailesi anati ndiike VPN, kapulogalamu kamene kamanamiza webusayiti kuti muli ku New York pomwe muli ku Chimwemwe. Ndinakana. Zaulere zimayenda ngati kamba, zolipira zimafuna khadi la ku banki la madola, ndipo sindikhulupirira munthu wosamudziwa amene akufuna kuti zonse za m'foni mwanga zizidutsa pakhomo pake kwaulere.

Ndinapitanso ku Chisokone kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni ndi m'mafulashi. Kumeneko kulibe chosowa. Za ku Nigeria, za ku India, za ku Korea, za ku Philippines, zina zomasuliridwa m'Chibemba ndi munthu amene amalankhula kuposa osewerawo. Nditafotokoza chimene ndikufuna, mnyamatayo anandiyang'ana kwakanthawi n'kufunsa kuti kalipentalayo amamenyana ndi ndani. Nditati samenyana ndi munthu, amangopala matabwa, anafuna kundipatsa ya karate.

Chotsala chinali YouTube. Kumeneko zigawo zina za Roy Underhill zilipo, zobalalika, zina zooneka bwino, zina ngati anazijambula kudzera m'madzi. Zimene zinapezeka mosavuta ndi za pulogalamu ina, The New Yankee Workshop ya Norm Abram, imene inkaonetsedwa kuyambira 1989 mpaka 2009, chifukwa eni ake anaziika okha pa tchanelo chawo. Ndinapezanso Paul Sellers, mkulu wa ku Britain amene amaphunzitsa za zida zamanja pa YouTube pomwepo. Ameneyu si wa pa TV, koma anadzatithandiza ngako.

Apa ndiye panabwera nkhani ya bandulo. Amene mumaonera mavidiyo pa foni mukudziwa kuti pali manambala aja osankha, 144, 240, 360, 480, 720. Pa nyimbo kapena ulaliki 144 imakwana, chifukwa chofunika ndi mawu. Pa ukalipentala ayi. Pa 144 mzera wa pensulo suoneka, mano a sowo saoneka, ndipo simungadziwe ngati munthuyo akupala motsata mitsempha ya thabwa kapena moipinga, pomwe nkhani yonse yagona pamenepo. Ndinaona kuti 360 ndiyo malire, ndipo pamene akunola chida pamafunika 480. Kale kunali YouTube Go, imene inkakuuzani kukula kwa vidiyo musanaitsitse ndiponso inkalola kupatsirana ndi mnzanu wapafupi popanda bandulo, koma inatsekedwa mu 2022. Choncho ndinkadalira mabandulo a usiku, foni nditaitchajitsa pa kantemba ka sola, ndiponso wifi ya ku wailesi. Ife odzipereka sitilandira malipiro. Nditapempha abwana kuti ndizitsitsako mavidiyo tikamaliza pulogalamu, anavomera mwamsanga, mwina pokondwa kuti sindinapemphe ya transipoti.

Loweruka lina ndinakwera minibasi, makilomita 60 aja a pakati pa Kitwe ndi Ndola, foni nditaizimitsa kuti batire lisathe. Tinaiimika pa benchi poitsamiritsa ku chitini cha guluu, anthu asanu mitu pamodzi.

Ndinayamba ndi Norm Abram chifukwa ndiye ankaoneka bwino. Anyamata anamukonda pomwepo. Shedi yake yadzaza makina, lililonse ndi ntchito yake, ndipo thabwa limalowa uku n'kutulukira uko litasalala. Amalume anaonera mphindi zisanu n'kunena kuti, "Uyu ali ndi malaiti. Chotsa." Chimodzi chokha anamuyamikira, chakuti asanayatse makina amakumbutsa anthu kuvala magalasi oteteza maso. Anatembenukira kwa mnyamata wamkulu, amene chaka chatha kachitsulo kanamulowa m'diso, osanena kanthu.

Roy Underhill atayamba, ine ndinali wokonzeka kumasulira. Chizungu chake n'chothamanga, chodzaza nthabwala ndi mbiri yakale ya kwawo, ndipo theka la nthabwalazo zinkandidutsa. Koma amalume sanafune kumasuliridwa. "Khala chete, mphwanga, ndikuona manja." Asanagwire chida china, iwo ankachitchula. Akaika puleni pathabwa, ankanena kumene ayambire. Pena anapukusa mutu kuti waimirira molakwika, msana udzamupweteka. Ngakhale miyezo ankaimva kuposa anyamatawo, chifukwa ku America amayeza m'mainchesi ndi mafiti monga anaphunzirira amalume, pomwe anyamata anazolowera mamilimita a pa tepi. Pa zonse zimene tinaonera tsiku limenelo, ndikuganiza kuti zachilendo kwa iwo sizinakwane zitatu.

Chimene chinandikhudza ndi anyamata aja. Lolemba anatsitsa mapuleni. Anayamba kunola monga anaonera kwa Paul Sellers, kuyesa mpeni wa puleni pa tsitsi la pamkono, kupikisana kuti ndani atulutse chopala chachitali chosaduka. Zonsezi amalume anakhala akuwauza kwa zaka, m'Chinyanja, iwo akuyankha m'Chibemba kuti n'zakale. Anazikhulupirira atazinena mzungu wa m'foni. Amalume anaziona zimenezi, ndipo sindinganene kuti zinawasangalatsa. Madzulo ena tikudya anandiuza kuti, "Ine ndikanakhala ndi kapusi ndi kamera, bwenzi akundimvera." Anaseka, koma nsima anaisiya pakati. Ine ndinali nditapeza chimene ndinkafuna, koma njira imene chinabwerera inandichititsa manyazi m'malo mwa anyamatawo.

Chatsopano chenicheni chinali makina ozungulitsira miyendo oyendera phazi. Underhill amadziwika nawo. Chingwe amachikulunga pa mtengo umene akuusema, mbali yapansi amaimanga pa thabwa lopondapo, yapamwamba pa mtengo wopindika umene umabwerera wokha. Mukaponda, mtengo uja umazungulira kubwera kwa inu ndipo chosemera chimadya. Mukachotsa phazi, umabwerera ndipo inu mumabweza chosemeracho pang'ono. Amalume anati anaonapo zotere ali mwana koma sanazipangepo. Chigawo chimenecho tinachibwereza mpaka batire kutha. Anapanga awo ndi zotsalira za matabwa, ndipo m'malo mwa mtengo wopindika anamanga malegeni kudenga la shedi.

Ndisakunamizeni kuti zinayenda ngati pa TV. Makina otere amakonda mtengo wauwisi, wofewa pansi pa mpeni. Mitengo ya m'mapulogalamu amenewa ndi ya kwawo, oak, walnut, cherry, poplar. Ife kuno timagwira paini ndi bulugamu, zambiri zochokera m'minda ya ZAFFICO yozungulira Ndola ndi Kalulushi, ndipo wa ndalama amafuna mukwa, umene kumawa timautcha mlombwa. Paini wouma ankang'ambika pa mfundo. Mukwa unkatuluka bwino koma unkalemetsa mwendo, moti anyamata ankasinthana kuponda. Mwendo umodzi wa tebulo unkatenga nthawi imene wamakina akanazungulitsa yonse inayi n'kupita kukamwa tiyi. Mipando anaipanga ya miyendo yowongoka, yopalidwa ndi manja, ndipo anazungulitsa ya tebulo yokha. Mayi uja analandira katundu wake kutatsala masiku awiri. Anadandaula kuti vanishi ikununkhabe, koma analipira.

Malaiti atayamba kubwerako bwino, anyamata anabwerera kwa wamakina, ndipo palibe angawadzudzule, pakuti kasitomala salipira thukuta. Mapuleni okha sanabwerere pamwamba pa kabati. Wamng'ono pa atatuwo tsopano amafufuza yekha mavidiyo, ndipo anaphunzira kulumikiza makona a madirowa ndi mano olowana aja otchedwa dovetail, popanda msomali. Akuti makasitomala ena amatsegula dirowa n'kufunsa ngati ndi ya ku shopu.

Pofufuza monsemo, chimene ndinkachilakalaka kwambiri sindinachipeze. Ku Nakadoli kuno ku Kitwe, ku Masala, ku Chifubu, m'mbali mwa misewu ya makomboni athu muli amisiri amene amadziwa mmene mukwa umachitira nyengo ya mvula, chifukwa chake chitseko cha paini wosauma chimapindika pofika October, mmene mungadziwire thabwa limene chiswe chayamba kale kulilowa. Roy Underhill sangakuuzeni zimenezo. M'foni mwanga munali maola ambiri a amisiri a ku North Carolina, ku Massachusetts ndi ku England, koma munalibe ngakhale mphindi imodzi ya kalipentala wolankhula Chinyanja kapena Chibemba. Ku wailesi ndinayesako kuitana amisiri awiri. Anthu anaimba mafoni ambiri, koma mafunso onse anali a mitengo ya sofa ndi mabedi. Za kunola sizimveka pa wailesi. Mmodzi wa alendowo ankangoti "mumachita chonchi", akuonetsa ndi manja mu situdiyo mmene munalibe womuona koma ine.

Ndiye mwezi watha ndinapempha amalume kuti ndiziwajambula. Anakana kawiri. Kachitatu anavomera, koma anaika malamulo awo. Nkhope yawo isaoneke, ndijambule manja ndi thabwa basi. Alankhula Chinyanja cha kwawo ku Katete, ndipo wosamva afunse mnzake. Akalakwitsa ndisadule, chifukwa mzungu uja naye sankadula. Pakali pano tili ndi tizigawo tinayi, ta kunola puleni, kuwongola m'mphepete mwa thabwa, kuboola bowo lolowetsamo mwendo wa mpando, ndi kusankha thabwa pa mulu. Foni amagwira ndi mnyamata wamkulu uja, ndipo akasuntha amalume amamukalipira pakati pa vidiyo. Ndimazijambula pa 480 kuti zisalemere potumiza pa WhatsApp. Chachisanu chikudikira kuti ndigule memori khadi ina, pakuti iyi yadzaza ndi Roy Underhill ndipo amalume akana kuti ndimufufute.