Mnyamata Wofuna Kuphunzira Kusema

Mwezi wathawu, titaturuka m'mapemphero, ife akuru a mpingo tinakhala pansi pa mkuyu kumva mlandu umene sitinaumvepo ndi kale lonse. Mai wina wamasiye anadza ndi mwana wace wa zaka 17, nati, "Azibambo, mwanayu afuna kunka ku Mua kukaphunzira kusema mitengo. Ine mau andithera, ndiweruzireni." Mnyamatayo anagwada capatali, ali ndi kanthu kokulunga m'nsaru.

Mwanayu timdziwa tonse. Agogo ace ndiwo anasema mitondo ndi mipini ya mudzi uno, ndipo iye anagwira kasemasema asanadziwe kulemba dzina lace. Koma mkuru wina anati, "Mtondo tidziwa nchito yace. Nanga nkhope ya munthu pamtengo, si fano kodi?" Mau awa sitinawapeputse, pakuti atate athu anasiya zambiri polowa mumpingo. Pamenepo aphunzitsi anatiwerengera Eksodo 31, za Bezaleli amene anapatsidwa luso la kusema miyala ndi mitengo, ndipo mkuru uja anakhala cete, ngakhale sitinganene kuti mtima wace unatsika.

Cimene cinatiopsa koposa ndico njala. Taona m'miseu ya kunyanja anyamata alikugulitsa njobvu ndi mvuu zofanana zokhazokha, zosemedwa mofulumira, zina zopakidwa polishi wa nsapato kuti zioneke ngati phingo. Mlendo akapanda kuima, iwo agona ndi njala. Ndipo phingo weniweni akula pang'onopang'ono, kotero kuti wobzala sadzamdula yekha. Akatha m'chire, anyamata aja adzasema ciani?

Aphunzitsi anatiuza kuti kusema kwa ku Mua nkwina. Bambo Claude Boucher, wa ku Canada, anafika m'dziko muno m'caka ca 1967, nayamba malo a Kungoni mu 1976. Wophunzira nchito yotere akhala pambali pa mmisiri wamkuru zaka ndithu. Ayamba ndi kunola zida ndi kusalaza zimene ena asema. Aphunzira kuumitsa mtengo kuti ungang'aluke, ndi kutsata mitsempha yace, popeza mlombwa sulola kusemedwa monga mbawa. Nkhope zosemedwa kumeneko ndizo za Acewa, Angoni ndi Ayao, ndipo nchito ya amisiri aja inafika kufikira m'nyumba yopemphereramo ya Missio ku Munich, m'dziko la Germany. Anatikumbutsanso za Fanizani Akuda, Mcewa wobadwira ku Zambia, amene anapita ku Rhodesia kukafuna nchito monga anacita abale athu ambiri. Ku Tengenenge, kumene mlimi wa fodya Tom Blomefield anasonkhanitsa osema miyala kuyambira 1966, iye anayamba ndi kukumba miyala ya anzace, pambuyo pace nasema yekha, ndipo anamwalira mu 2011 dzina lace litamveka kutsidya la nyanja. Koma tisabise: omveka cotere ali owerengeka, ndipo ambiri alima kamunda pambali pa kusema.

Mmodzi wa ife, amene anaona kacisi wamkuru wa pa Likoma, woyambidwa kumangidwa mu 1903, anafunsa kuti bwanji mwanayo osaphunzira za magalasi a mitundumitundu, onga a m'mazenera a kumeneko. Funso ili linatiseketsa, koma yankho lace linatiphunzitsa. Mmisiri wa magalasi ayamba kulemba cithunzi papepala lalikuru ngati zenera lomwe. Adula galasi m'tizidutswa, liri lonse ndi mtundu wace, ndipo mtunduwo suli wopaka pamwamba ai, uli m'kati mwa galasi, wocokera ku zitsulo zosungunulidwa pamodzi nalo. Nkhope ndi makwinya a zobvala azilemba ndi utoto wakuda, naoca tizidutswato m'ng'anjo kuti utoto ugwire, nazilumikiza ndi timizere ta mtobvu. Galasi, mtobvu, ng'anjo ndi mphunzitsi yemwe, zonsezi ziri kutali ndi mudzi wathu. Mtengo wokha ndiwo tiri nao, ndi dzanja limene agogo ace analiyamba kale.

Potsiriza tinati, "Mwana iwe, tionetse cimene wabisaco." Anamasula nsaru, naturutsa mai wosenza mtsuko. Manja a maiyo anali akuru kupambana muyeso, ndi mwendo umodzi unali waufupi. Koma khosi, m'mene linapindikira pansi pa kulemera kwa madzi, tonse tinalizindikira, ndipo tinaceuka kuyang'ana amace, amene anabisa nkhope m'nsaru yao. Mkuru uja wa mau a fano anacitenga, nacitembenuza kawiri, nati, "Manjawa afuna mphunzitsi."

Tinapangana kuti mnyamatayo apite titakolola, akafunse ngati malo alipo, ndi kuti anyamata a mpingo adzalima munda wa amace caka cino. Citseko ca nyumba yathu yopemphereramo cadyedwa ndi ciswe. Matabwa a mlombwa tinagula kale, ndipo tawaika m'mwamba kuti aume. Tamuuza kuti sitidzaitana mmisiri wina kufikira iye atabwera.