Kuchokera pa Lizulu Kufika pa Chingeni: Msewu Womwe Ulinso Msika

Ndinakwera minibasi pa Dedza m'mamawa, chifunga chisanachoke m'mapiri, ndikupita kumwera. Kondakitala anandipatsa mpando wa kutsogolo, pafupi ndi adalaivala, pomwe munthu amaona bwino zinthu ziwiri: msewu ndi kamuvi koonetsa liwiro la galimoto. Ulendo wonse wodutsa m'boma la Ntcheu maso anga ankangosinthana pakati pa ziwirizi.

Malo oyamba kuima anali pa Lizulu, kwawo kwa Angoni a Inkosi ya Makosi Gomani. Pamenepa msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a dziko. Ukamalowera ku Blantyre, dzanja lamanzere ndi Malawi, lamanja ndi Mozambique, dera la Angonia. Galimoto isanaime n'komwe, mawindo anali atadzaza ndi mabeseni a tomato, anyezi, karoti, kabichi ndi mbatata ya kachewere. Mayi wina, mwana ali kumbuyo, anawoloka msewu kukatenga chenji kwa mnzake tsidya linalo. Mnyamata wa kabaza anatembenuza njinga yake pakati pa phula. Nthawi yomweyo lole yonyamula katundu inadutsa ikuliza hutala, mphepo yake n'kugwetsa mulu wa tomato.

Kwa woyendetsa lole uja, M1 ndi msewu waukulu wolumikiza Lilongwe ndi Blantyre, ndipo ali ndi nthawi yoti akafike. Kwa mayi uja ndi pakhomo, ndi pa ntchito, ndiponso ndi njira ya ana popita kusukulu. Onse awiri akunena zoona. Vuto la msewu wa ku Ntcheu lagona pamenepa: phula limodzi lomwelo likugwira ntchito ziwiri zosagwirizana. Chikwangwani cholembedwa 50 chomwe chimaima polowera pa malo a malonda ndicho chimayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi.

Ambiri timaganiza kuti nambala ya pa chikwangwaniyo anangoisankha akuluakulu a boma kuti apolisi apezepo polipitsira anthu. Koma nambalayi imachokera m'thupi la munthu. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse. Pa makilomita 100 pa ola imayenda mamita 28. Dalaivala wamaso bwino, wosatopa, amatha sekondi imodzi kapena kuposerapo asanaponde buleki akaona mwana akudumphira mumsewu, ndipo mtunda wonsewo galimoto imakhala ikuyenda osachepetsa liwiro ngakhale pang'ono. Akaponda bulekiyo, lamulo lina la chilengedwe limayamba kugwira ntchito: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime umawirikiza kanayi. Mphamvu yomwe imamenya thupi nayonso imawirikiza kanayi. Kugundidwa pa liwiro la 50 kukufanana ndi kugwa kuchokera pamwamba potalika mamita 10. Pa liwiro la 100, kutalikako kumafika pafupifupi mamita 40. Chigaza, nthiti, chiwindi ndi msana sizinapangidwe kuti zipirire zimenezi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwayi woti munthu woyenda pansi afe akagundidwa ndi galimoto umakwera kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. Lipoti lake la 2023 linaonetsa kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. N'chifukwa chake mayiko atakumana ku Stockholm m'chaka cha 2020 anagwirizana zolimbikitsa liwiro la 30 m'malo omwe magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi. Mukaima pa Lizulu tsiku la msika, mutha kuona nokha kuti 50 ndi yochuluka kale.

Titadutsa pa Mlangeni, msewu unatseguka. Kumanzere dziko limatsetsereka kulowera ku chigwa cha Bwanje, kumanja kuli minda ya ku Mozambique, ndipo kamuvi kaja kanayamba kukwera. Kenaka galimoto yochokera kutsogolo inatiphethirira magetsi. Adalaivala anatukula dzanja kuthokoza, n'kuchotsa phazi pa moto. Titakhota, tinawaona apolisi a pamsewu ataima pa mthunzi ndi kamera yawo yoyezera liwiro. Tinadutsa mwaulemu ngati galimoto ya maliro. Pasanathe mphindi ziwiri, kamuvi kanabwerera pomwe kanali.

Ndinawafunsa kuti, "Achimwene, kamera ija mumaiopa?"

Anaseka. "Bambo, timaopa chindapusa. Ndalama ya bwana ikapanda kukwana madzulo, kwanga kwatha."

Yankho lawo linali loona mtima, ndipo likufotokoza mphamvu ndi kufooka kwa kamera. Kuti imagwira ntchito, ndinaziona ndi maso anga: galimoto iliyonse yodutsa pamalo paja inkayenda bwino. Akatswiri a bungwe la Cochrane ataunika pamodzi kafukufuku 35 wa m'mayiko osiyanasiyana m'chaka cha 2010, anapeza kuti pomwe paikidwa makamera liwiro limatsika ndipo ngozi zimachepa. Dziko la France linayamba kuika makamera odziyendera okha m'chaka cha 2003. Mu 2002 anthu oposa 7,000 anafa pa misewu ya dzikolo, koma pofika 2010 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pansi pa 4,000. Zinthu zina zinathandizapo, koma kutsika kwa liwiro kunali patsogolo.

Kusiyana kwake n'kwakuti kamera ya ku France sipita kukadya nkhomaliro, siweruka dzuwa likalowa, ndipo sungakambirane nayo. Chomwe chimasintha khalidwe la dalaivala si kukula kwa chindapusa kokha ayi, koma kudziwa kuti akathamanga agwidwa ndithu, lero ndi mawa lomwe. Kamera yonyamula m'manja imateteza kachigawo kochepa ka msewu kwa maola ochepa, ndipo madalaivala amauzana pomwe yaima. Ku South Africa, m'chigawo cha Western Cape, anayesa njira ina m'chaka cha 2011 pa msewu wa R61 pakati pa Beaufort West ndi Aberdeen. Kamera imodzi imajambula nambala ya galimoto polowa, ina potuluka, kenaka kompyuta imawerengera nthawi yomwe yatenga. Ukafika msanga kuposa muyeso, ndiye kuti unathamanga, ngakhale utaponda buleki pansi pa kamera. Kuphethirirana magetsi sikuthandiza kanthu pamenepo. Ndili m'minibasi muja ndinkalingalira kuti mtunda wa pakati pa Lizulu ndi Ntcheu boma ungasinthe bwanji ndi njira yotereyi.

Tinadutsa pamphambano ya ku Tsangano, pomwe matumba a kachewere amaunjikidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa phula, n'kuyamba kutsetsereka kulowa m'tauni ya Ntcheu. Pa boma pali chipatala chachikulu cha m'bomali, ndipo ndiko amathamangira nawo ovulala pa msewu umenewu. Koma munthu wovulala kwambiri m'mutu kapena msana amafunika kutumizidwa ku zipatala zazikulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ulendo wa maola awiri kapena kuposa mbali iliyonse. Magazi otayikira m'kati mwa thupi sadikira maola amenewo. Amene wapulumuka amabwerera kumudzi ndi chitsulo m'mwendo, osathanso kupalasa njinga kapena kulima. Banja limagulitsa mbuzi, mwana amasiya sukulu kuti akadwazike matenda. Ngozi ya sekondi imodzi imadyedwa pakhomo zaka zambiri.

Kumwera kwa boma kuli Kampepuza. Dzina limeneli anthu ambiri a m'dziko muno analidziwa m'mwezi wa Meyi 2019, masiku ochepa chisankho chisanachitike, pomwe lole inalephera kuima n'kulowa pakati pa anthu ndi magalimoto pamalo a malondawa. Anthu osachepera 17 anataya miyoyo. Ambiri mwa iwo sanali pa ulendo. Anali pa malonda awo, kapena akudikira galimoto, monga ankachitira masiku onse.

Titaima pamenepo kutsitsa anthu, gogo wina yemwe anakhala kumbuyo kwanga anayang'ana panja n'kunena chapansipansi kuti, "Pano ine sindigulapo kanthu, mwanangu. Mtima sundilola." Koma panja msika unali m'chimake. Ogulitsa anali pomwepo m'mphepete mwa msewu, chifukwa pomwe pamaima galimoto ndi pomwe pali ndalama.

Pa Kampepuza ndi pomwe munthu amaona malire a kamera. Imajambula, koma siingaimitse lole yolemera yomwe yafika kale pa anthu. Liwiro la galimoto yotere liyenera kutsika ili kutali, pamwamba pa chitsetse, dalaivala atalowetsa giya yaing'ono, mabuleki atayesedwa bwino isananyamuke. Ndipo msewu womwewo uyenera kumangidwa mokakamiza aliyense kuchepetsa liwiro. Ku Ghana anaika timizere totukuka pa mphambano ya Suhum, pa msewu wa Accra kupita ku Kumasi, ndipo pakati pa Januwale 2000 ndi Epulo 2001 ngozi zinachepa ndi 35 pa 100 iliyonse, imfa n'kuchepa ndi 55 pa 100 iliyonse. Mahampu ndi timizere totere sizigona, sizifuna malipiro a mwezi, ndipo n'zotsika mtengo poyerekeza ndi makamera. Kuwonjezera apo, msika umafunika malo akeake kuseri kwa phula, okhala ndi pokhotera magalimoto, kuti wogulitsa asamasankhe pakati pa moyo wake ndi chakudya cha ana ake.

Ulendo wanga unathera pa Chingeni, pomwe pali geti yolipirirapo magalimoto yoyamba m'dziko muno, yomwe inatsegulidwa mu Novembala 2021. Pamenepa galimoto iliyonse imaima. Basi, lole, galimoto ya bwana, zonse zimafola pamzere, usana ndi usiku, popanda wophethira mnzake magetsi. Madalaivala omwewo amene amanyoza chikwangwani cha 50 amaima pa Chingeni chifukwa akudziwa kuti palibe njira yozembera. Tikanakhala ndi kutsimikiza komweko pa nkhani ya liwiro pa Lizulu, pa Tsangano ndi pa Kampepuza, mabanja ambiri akanakhala athunthu lero.

Pomwe tikudikira zimenezi, pali masamu ochepa oti inu amene mumayendetsa galimoto muwasunge. Kudutsa kilomita imodzi ya malo a malonda pa liwiro la 50 kumatenga masekondi 72. Pa liwiro la 80 kumatenga masekondi 45. Phindu lonse la kuthamangako ndi masekondi 27, osakwana nthawi yomwe mumatha posankha tomato pawindo. Nyamukani msanga, pumulani mukamva tulo, foni ikhale m'thumba, ndipo mangani lamba ngakhale muli pampando wa kumbuyo. Makolo a m'mphepete mwa msewu, phunzitsani ana kuima, kuyang'ana mbali zonse ndi kudikira minibasi ichoke asanawoloke, ndipo usiku avale zowala.

Kwa ife okwera, ntchito yathu ndi pakamwa. Ndivomereze kuti pa Mlangeni paja, kamuvi katakweranso, ndinangokhala chete poopa kuoneka wovuta. Amene analankhula anali gogo uja. Anati, "Adalaivala, tatiyendetsani bwino, tili ndi zidzukulu zotidikira." Anthu awiri atatu anavomereza, ndipo adalaivala anachepetsa liwiro popanda kuyankha. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kuchokera pamenepo mpaka pomwe gogoyo anatsikira, kamuvi kaja sikanakwerenso, ngakhale panalibe kamera ina iliyonse m'njira.