Za Kuseri kwa Sewero la Star Trek

Anzanga ambiri akamaonera kanema amatengeka ndi zimene zikuoneka pagalasi. Ine chidwi changa chimakhala kuseri, kumene kamera siloza. Sewero limene ndimakonda kufufuza mbiri yake ndi Star Trek, nthano ya anthu oyenda m'mlengalenga pa chombo chotchedwa Enterprise. Analiyambitsa ndi a Gene Roddenberry a ku America, ndipo linaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya NBC kuyambira 1966 mpaka 1969, zigawo zonse pamodzi 79.

Choyamba chimene chinandidabwitsa n'chakuti anthuwa ndalama zinkawavuta. Kujambula chombo chikutera padziko lachilendo sabata ndi sabata kukanadya ndalama zambiri. Choncho anapeka makina oti munthu azizimirira m'chombo n'kukatulukira pansi. Kunyezimira kumene timaona munthu akamazimirira unali ufa wa aluminiyamu umene ankauwaza patsogolo pa nyali. Zitseko zooneka ngati zikutseguka zokha ankakoka ndi anthu obisala kuseri, moti akachedwa pang'ono wosewera ankaomba chitseko ndi mphuno. Zina mwa zida za dokotala wa m'chombomo zinali timabotolo tothirira mchere!

Nanga moni wotchuka uja wa Spock, wotambasula dzanja n'kulekanitsa zala pakati? A Leonard Nimoy, amene ankasewera ngati Spock, anali Myuda wokulira mumzinda wa Boston. Ali mwana anaona m'sunagoge amuna a fuko la ansembe akudalitsa anthu ndi dalitso la m'buku la Numeri mutu 6, manja atawaika m'maonekedwe a chilembo cha Chihebri chotchedwa shin. Anazisunga mumtima, ndipo mu 1967 anaziika m'sewerolo.

Koma nkhani imene imandikhudza koposa ndi ya mayi Nichelle Nichols, munthu wakuda amene ankasewera ngati Uhura, dzina lochokera ku mawu a Chiswahili akuti uhuru, ndiye kuti ufulu. Chaka choyamba chitatha, mayiwa anaganiza zosiya kuti akaimbe ndi kusewera m'mabwalo a zisudzo. Malinga ndi kufotokoza kwawo, masiku omwewo anakumana ndi a Martin Luther King, amene anawapempha kuti asachoke. Nthawi imeneyo akazi akuda pakanema kawirikawiri ankapatsidwa mbali ya antchito a m'nyumba, pamene Uhura anali mmodzi wa akuluakulu a chombo. Mayi Nichols anamvera. Pambuyo pake anathandiza bungwe la NASA kukopa akazi ndi anthu akuda kuti alowe ntchito yopita m'mlengalenga. A Mae Jemison, mkazi wakuda woyamba kufikako mu 1992, ananena kuti Uhura ndiye anawapatsa chidwi ali mtsikana.

Ndikamaganizira zimenezi ndimadzifunsa mafunso awiri. Kodi ndikapatsidwa ntchito yosaoneka, ngati ya wokoka chitseko uja, ndimaigwira ndi mtima wonse? Nanga tsiku limene ndatopa n'kufuna kusiya, ndimakumbukira kuti pali ang'ono anga amene akuyang'ana kwa ine? Mayi Nichols sankadziwa kuti kwinakwake kuli kamtsikana kowaonera. Anzanga, tisanataye chimene tayamba, tiyambe tafunsa nzeru kwa akulu ndi kudekha, paja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.