Mapuleti asanu pa thumba la feteleza

Njinga yanga inayamba kunama Lachiwiri. Ndikukwera mtunda ku Ndirande, nditanyamula mayi wina ndi thumba lawo la makala, ndinakoka moto. Injini inalira ngati tikuuluka, koma matayala akungokwawa. Mayiwo anatsika okha. "Achimwene, mundipeza kutsogolo." Sanalipire, ndipo inenso sindinafunse.

Kilatchi inali itatha. Amakaniko anatchula mtengo wa masiku atatu a kabaza, pomwe Lachisanu amayi anga amayenera kubweza ku banki m'khonde komwe anakongola ndalama yogulira njingayi. Digiri yanga ya economics ili mu fulemu pabalaza, chaka chachinayi tsopano, sinabwezeko ngakhale kwacha imodzi. Ndiye ndinapita ku Limbe kukagula mapuleti ndi gasiketi, n'kugulanso bandulo yoonera YouTube, kenako ndinayala thumba la feteleza pakhonde.

Umayamba wakhetsa oyilo, chifukwa kilatchi ya tinjinga iti imakhala m'bafa la oyilo. Wanga anatuluka wakuda bii, akununkha chopserera. Kenako chivundikiro cha kumanja kwa injini. Mabawuti ake si ofanana kutalika, choncho ndinawabaya pa katoni monga momwe amakhalira. Pamenepo pokha ndiye ndinadzimva kuti sukulu ndinapitadi.

Mkati ndinapeza masipuling'i anayi, omwe umamasula pang'onopang'ono modumphitsa, kuti mbali imodzi isapanikizike. Pansi pake mapuleti, asanu okhakhala ndi anayi achitsulo, atasanjikana mosinthanasinthana. Masipuling'i akawafinya pamodzi, mphamvu ya injini imafika ku tayala. Ukakoka chogwirira, amalekana. Basi, chinsinsi chonse ndi chimenecho. Anga okhakhalawo anali atasalala ngati sopo wotsalira, achitsulowo atachita buluu ndi kutentha. Mlandu ndi wanga ndemwe: pamtunda ndimakonda kugwira kilatchi theka, ndiponso miyezi ingapo ndinkathira oyilo wa galimoto poti ngotchipa, osadziwa kuti wina amakhala ndi mankhwala oterera omwe mapuletiwa sagwirizana nawo.

Atsopanowo ndinawaviika mu oyilo m'kambale ka ndiwo. Amayi, omwe ankasankha nyemba pamphasa, anangoyang'ana kambaleko osayankhula.

Dzuwa likulowa ndinali nditatseka zonse, oyilo watsopano ndathira, manja ndikupukuta monyadira. Amayi anatambasula dzanja.

"Nanga aka n'ka ndani? Ndakapeza m'nyemba."

Kawashala. Ndinayang'ana zithunzi zomwe ndinkajambula pa foni, n'kukaona pamalo pake, kuseri kwenikweni kwa mapuleti onse.

"Amayi, mwina sikofunikira kwambiri."

"Amene anakaikamo anali opusa?"

Magetsi anali atazima. Anandiunikira ndi tochi ya foni mpaka cha m'ma 10, ine ndikukhetsanso oyilo m'beseni loyera, ndikupemphera kuti gasiketi isang'ambike poti ina ndinalibe. Sinang'ambike.

M'mawa wa Lachinayi ndinabwerera pa mtunda womwe uja ndi mphunzitsi wina wonenepa bwino. Tinakwera pa giya yachiwiri. Iye ankangodandaula za mitengo ya sopo.