Buku Siliyenda Lokha

Munthu akachita bwino pamaphunziro, mawu othokoza amadziwa kale njira yake. Amayambira kwa Mulungu, kenaka kwa makolo ndi aphunzitsi, ndipo ngati mpata ulipo amatchulako amalume amene ankalipira fizi. Chimodzimodzinso mabuku a chithandizo akafika m'dziko muno, nyuzipepala zimajambula akuluakulu ataimirira pambali pa makatoni, wopereka ndi wolandira akugwirana chanza. Koma pakati pa katoni ya mabuku ndi mwana amene adzawawerenge pali munthu wina amene sajambulidwa. Iyeyu ndiye amatsegula katoniyo alendo atapita, kulemba buku lililonse m'kaundula, kulidinda, kulipatsa nambala, kuliika pashelefu ndi kudikira tsiku limene wina adzalifune. M'malaibulale amene ine ndalowamo, munthu ameneyu kawirikawiri ndamupeza ali mayi. Cholinga changa m'chimangirizo chino ndi kuonetsa kuti buku siliyenda lokha kukafika kwa woliwerenga, ndiponso kuti amayi amene amaliperekeza akugwira ntchito ya maphunziro yoyenera kuyamikiridwa poyera.

Ndiyambe ndi nkhani imene idamveka dziko lonse lapansi. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe m'boma la Kasungu adasiyira panjira sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake adalephera kumulipirira fizi. Ali ndi zaka 14 adapanga makina oyendera mphepo opereka magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zipangizo zina zotayidwa. Nzeruyi idayambira m'buku la Using Energy, limene pachikuto pake padali chithunzi cha makina oterowo. Ambiri pofotokoza nkhaniyi amathera pomwepa, ngati kuti bukulo lidachita kugwa kumwamba. Chikhalirecho bukulo lidali m'kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe, ndipo woyang'anira kalaibulaleko adali mphunzitsi wamkazi, Mayi Edith Sikelo.

M'buku la mbiri yake lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, limene adalemba mothandizana ndi Bryan Mealer ndipo lidatuluka mu 2009, William akufotokoza kuti Chingerezi chake chidali choperewera moti ankadalira zithunzi komanso kufunsa mayiwa matanthauzo a mawu ovuta a sayansi. Mu 2006 akuluakulu a Malawi Teacher Training Activity atabwera kudzayendera laibulaleyo, adaona makina amene mnyamatayu adaimika pasukulupo ndipo adafunsa mwini wake. Amene adatchula dzina la William adali Mayi Sikelo. Kuchokera apo nkhani idalowa m'nyuzipepala, mu 2007 mnyamatayo adakayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2019 mbiri yake idasanduka kanema. Luso lidali la William, palibe angatsutse. Komabe tiyeni tidzifunse: mnyamata wopanda yunifomu uja akadauzidwa pakhomo kuti mabukuwo ndi a ana asukulu okha, kodi lero tikadamudziwa?

Khomo lotseguka kwa aliyense ndilo tanthauzo la laibulale ya anthu onse. Kuno kwathu udindo umenewu uli m'manja mwa bungwe la National Library Service, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1967. Likulu lake lili ku Lilongwe ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Kufunika kwa bungweli kudakula kwambiri kuyambira mu 1994 pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana asukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Odziwa kuwerenga adachuluka, koma mabuku m'nyumba za anthu sadachuluke. M'nyumba yathu, mwachitsanzo, mudali Baibulo, buku la nyimbo ndi kalendala basi. Kwa ana a m'nyumba zotere, ndipo ndife ambiri, laibulale ndiyo shelefu yathu yoyamba.

Ine ndidaphunzira pasekondale yoyendera, pamene buku limodzi la bayoloje tinkalizungulira ngati mbale ya nsima pamaliro. Nditafika Fomu 3 ndidapempha amayi anga kuti Loweruka ndi masiku a tchuthi ndizipita kulaibulale ya paboma pathu. Iwo adakayika. Mwana wamkazi kuchoka pakhomo m'mawa n'kubwerako madzulo, akuti akukawerenga, ndi nkhani imene makolo ambiri adaimvapo ndipo mathero ake amawadziwa. Tsiku lina pochokera kumsika adapatukirako kuti akaone okha. Adapeza mayi wa msinkhu wawo atakhala patebulo la pakhomo akusoka buku ndi singano ndi ulusi. Atalonjerana, amayi adafotokoza nkhawa yawo mosabisa.

"Musadandaule amayi," adayankha mayi uja. "Muno aliyense amalemba dzina ndi nthawi polowa ndi potuluka. Mwanayu akhale wanga akakhala muno. Tsiku limene sindimuona ndidzakufunsani ine."

Mawu ochepa amenewa ndiwo adandigulira ufulu wowerenga. Sindikunena kuti abambo ogwira ntchito m'malaibulale sangadalirike, ndipo alipo ambiri odzipereka. Koma kwa amayi anga, kupeza mayi mnzawo pakhomopo kudathetsa funso limene palibe lamulo kapena chikwangwani chikadalithetsa. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mayi uja mwambiwu ankautenga ngati gawo la ntchito yake. Ndidaona atsikana ena angapo akubwera ndi makolo awo momwemo.

Chinthu choyamba chimene adandiphunzitsa chidali kupeza buku pandekha. Adandionetsa timanambala tolembedwa pamsana pa buku lililonse nandiuza kuti nzeru zonse za m'chipindamo adazigawa m'magulu 10, kuyambira 000 mpaka 900. Za chipembedzo zili pa 200, za ziyankhulo pa 400, za sayansi pa 500, za luso la zopangapanga ndi ulimi pa 600, zolembedwa mwaluso pa 800, za mbiri ndi malo pa 900. Bayoloje amene ndinkamufuna ine adali pa 570. Phunziro la mphindi zochepali ndi limene ndikudyerabe pano pasukulu yaukachenjede, pamene anzanga ena m'chaka choyamba ankangozungulira mashelefu ngati nkhuku yosowa poikira.

Patapita miyezi adaona kuti ndimangobwereka mabuku a mayeso okhaokha. Tsiku lina ndikubweza buku la masamu adatulutsa kabuku kena m'dilowa. "Mwanangu, ndiwo zamtundu umodzi zimakola. Tenga aka, ukandiuze Loweruka ngati mnyamata wa m'menemu ukumudziwa." Kadali ka Nthondo, kolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, kamene kadatuluka koyamba mu 1933. Ndidakamaliza usiku umodzi pa nyali ya batire. Aka kadali koyamba kuona kuti anthu oyankhula ngati agogo anga, okangana nkhani za m'mudzi ngati zakwathu, angakhale m'buku. Pambuyo pake adandipatsa Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe ndi Njala Bwana la Willie Zingani, ndipo adandilozera pa 496 ndi pa 896, pamene pamakhala ziyankhulo ndi zolemba za mu Africa. Malo amenewa adali aang'ono poyerekeza ndi mashelefu a mabuku a Chingerezi, moti mabuku a Chichewa ankawasamala ngati mbewu. Chikuto chikang'ambika ankachimata ndi katoni, masamba akathothoka ankawasoka. Ngati lero ndikuphunzira ziyankhulo za mu Africa, mbewu yake idachokera m'dilowa lija.

Kukhala m'chipindamo masiku ambiri kudandionetsa kuti si ife ana asukulu tokha amene tinkathandizidwa. Kunkabwera bambo wina wopuma pantchito amene maso ake adali atayamba kufooka, ndipo mayi uja ankamusungira nyuzipepala ndi mpando wa pawindo. Kunkabwera anyamata ofuna ntchito kudzakopera malonda a ntchito m'nyuzipepala, iwo n'kumawaonetsa kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito. Aphunzitsi ochita maphunziro a m'makalata ankabwera ndi mafunso amene mabuku ake padalibe, ndipo mayiwa ankawapezera lina loyandikira. Nyengo ya mayeso ikafika, pamene mipando inkachepa, ankaweruza milandu ya obisa mabuku kuseri kwa shelefu ndi ong'amba masamba. Mvula ikagwa ankasuntha mashelefu kuthawa podontha, ndipo chiswe ankalimbana nacho ngati kuti mabukuwo adagula ndi ndalama zawo. Madzulo ankawerengera makhadi, kulemba chiwerengero cha owerenga ndi kutseka mawindo, kenaka n'kuthamangira kukaphikira ana awo.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya m'laibulale ndi kukhala pampando n'kumaletsa phokoso. Maganizo otere amakula msanga ntchito ikamagwiridwa ndi amayi, ndipo mbiri ya manambala ndatchula aja ikuchitira umboni. Dongosololi limadziwika ndi dzina la Melvil Dewey wa ku America, amene adalisindikiza mu 1876. Mu 1887 iye adatsegula sukulu yophunzitsa ntchito ya m'laibulale pa Columbia College ku New York, ndipo mwa ophunzira 20 oyamba, 17 adali akazi. Dewey ankafuna akazi pantchitoyi, komabe sankabisa kuti malipiro awo akhala otsika kuposa a amuna. Chinanso n'chakuti kuyambira mu 1891 mpaka 1921 mkonzi wa buku la dongosololi adali mayi, May Seymour, ndipo atamwalira ntchitoyo adaipitiriza mayi winanso, Dorcas Fellows. Dzina la Dewey limadziwika m'malaibulale a dziko lonse, koma maina a amayi awiriwa amawadziwa ndi owerengeka. Mu 2019 bungwe la American Library Association lidachotsa dzina la Dewey pa mendulo yake ina yaulemu, mwa zina chifukwa cha mbiri yake yochitira akazi zosayenera. Choncho kuiwalika kwa amayi a m'malaibulale si kwa lero ndipo si kwa kuno kokha.

Ntchitoyi ndi ya luso lophunziridwa. Pa Mzuzu University pali maphunziro a digiri a kayendetsedwe ka malaibulale ndi kasungidwe ka uthenga, ndipo ogwira ntchitoyi ali ndi bungwe lawo la Malawi Library Association. Koma pamwamba pa za m'kalasi pali luso lina limene silikhala pa satifiketi, ndilo kuwerenga munthu. Mwana wamanyazi akaima pakhomo osadziwa chonena, mlimi akafunsa funso m'Chichewa pamene yankho lili m'buku la Chingerezi, mtsikana akafuna buku lofotokoza za thupi lake koma akuopa kulitchula, pamafunika wina wodziwa kumva zimene sizinanenedwe. Izi ndidaziona zikuchitika mwakachetechete, popanda kuchititsa munthu manyazi.

Ena anganene kuti masiku ano zonse zili pafoni ndipo laibulale yatha ntchito. N'zoona kuti intaneti yabweretsa zowerenga zochuluka. Komabe foni imafuna bandulo ndi magetsi, zinthu zimene mabanja ambiri sazikwanitsa tsiku ndi tsiku. Foni siipereka tebulo ndi malo abata kwa mtsikana amene akakhala pakhomo amatumidwa kumjigo, kuchigayo ndi kukhitchini. Ndiponso zowerenga zikachuluka, mpamene pamafunika kwambiri munthu wothandiza kupeta, kulekanitsa maso a mpunga ndi mankhusu. Amene adatiphunzitsa kuyang'ana wolemba, wosindikiza ndi chaka cha buku tisanalikhulupirire ndi amenenso angatiphunzitse kuchita zomwezo ndi nkhani za pa WhatsApp.

Pomaliza, kuyamika kwenikweni kuli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya amene amagawa chuma cha dziko: laibulale ikhale ndi denga losadontha, mabuku atsopano a m'ziyankhulo zathu, malipiro oyenera ndi mwayi wakuti amayiwa aziwonjezera maphunziro ndi kukwezedwa mpaka pa maudindo otsogolera. Mbali yachiwiri ndi yathu ophunzirafe, ndipo siifuna ndalama. Tizibweza mabuku pa nthawi yake ali amphumphu, chifukwa tsamba limene tang'amba ndi iwo amene amakalisoka. Ife a m'gawo la ziyankhulo, amene timadandaula kuti mabuku a Chichewa ndi ochepa, tilembe ndi kumasulira kuti shelefu ya 896 ikule. Ndipo tikamalemba tsamba la kuthokoza m'kafukufuku wathu wa chaka chomaliza, pambuyo pa makolo ndi aphunzitsi tisiyeko mzere umodzi wa mayi amene adatipezera buku. Kuti titero tiyenera kuyamba tawafunsa dzina lawo.